Chitenje cha Amayi Abusa

Ndinakhalapo mkazi wa achimwene anga enieni, a bere limodzi, kwa m'mawa umodzi wa Lamulungu. Mpingo wathunthu unandiimbira nyimbo, unandilulutira, n'kundikhazika pampando waulemu. Masiku ano nkhaniyi timaiseka tikakumana pa ukwati kapena pa maliro, koma tsikulo ine sindinaseke. Ndinkadziwa kuti m'mawa umenewo ndiwo unene ngati achimwene adzaimenso pa guwa kapena adzakalambire kukhola la nkhuku.

Ife ndife ana a mphunzitsi wa pa mishoni. Bambo athu anatilera ndi choko ndi nyimbo za m'tchalitchi. Ine ndinatenga choko ndi pakamwa. Ndimaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Chipata, ndipo aliyense amene anadutsa m'kalasi mwanga angakuuzeni kuti sindisunga mawu m'masaya. Achimwene, oyamba kubadwa, anatenga ubusa ndi kufatsa. Ndi munthu woti ukawaponda phazi, iwo ndiwo amapepesa kuti analiika panjira.

Akazi awo, alamu anga, anali mayi wokongola, wa mawu okoma poimba. Lero sindiwanyoza, ngakhale inalipo nthawi imene ndinkawanyoza mpaka malovu kuuma m'kamwa. Malipiro a mbusa ndi ochepa, choncho alamuwo anayamba malonda odutsa malire pa Mwami, kukatenga nsalu ndi nsapato ku Malawi n'kudzagulitsa kuno. Pa malire pomwepo ndi pamene anadziwana ndi woyendetsa malole wina. Tauni yonse inadziwa achimwene asanadziwe, ndipo ine ndemwe ndinamvera kumsika ndikusankha tomato. Achimwene atadziwa anakhululuka. Ankhoswe anakhala pansi, alamu analira, banja linapitirira. Koma madzi akatayika saoleka. Patapita miyezi alamu anamanga okha katundu masanasana n'kupita kwa mwamuna uja, ndipo achimwene atadikira mpaka kutopa, nkhani inakathera ku khoti.

Akuluakulu a mpingo wathu anaiona nkhaniyo ndipo ananena poyera kuti achimwene alibe mlandu. Kenaka anawonjezera mawu aulemu amene ndimadana nawo mpaka lero: "Abusa, pumulani kaye." Anatuluka m'nyumba ya mpingo n'kudzakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yanga, ndipo kupumulako kunatenga zaka. Ubusa sanawalande ayi. Mpingo uliwonse wosowa mbusa unali ndi ufulu wowaitana. Koma kwa ife mpingo umayamba waitana mbusa kuti adzalalikire, anthu amuone ndi kumumva, kenaka akhale pansi okha n'kusankha. Achimwene ankaitanidwa, ankalalikira, anthu ankakhudzidwa, kenaka wina ankafunsa kuti nanga amayi abusa atsala kuti. Yankho likamveka, ankawaperekeza bwinobwino mpaka pokwerera basi ndi mawu akuti tidzakudziwitsani.

Ndinapitako kwa mmodzi wa akuluakulu aja, munthu amene anaphunzitsidwa kulemba ndi bambo athu. Ndinawafunsa mosabisa kuti ngati munthu alibe mlandu, chilango chake chikuchokera kuti. Anandipatsa tiyi, anandiyamikira chifukwa chokonda mlongo wanga, kenaka anati anthu sanakonzeke. Ndinafunsa kuti adzawakonza ndani ngati abusa onse akuopa. Anaseka n'kunena kuti ndinatengera bambo athu kuuma mutu, ndipo ndinatuluka tiyi ndisanamumalize.

Kudikira sikukhutitsa. Achimwene anayamba kuweta nkhuku za mazira kuseri kwanga, n'kumayendetsa matileyi a mazira pa njinga m'masitolo ndi m'malo odyera. M'tauni anatchuka ndi dzina lakuti abusa a mazira. Iwo ankaliseka dzinalo, ine linkandiwawa. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo akadwalitsa kuchipatala ankathamangira kwathu kuti abusa akapemphere, ndipo maliro akachitika mbusa wa mpingo atachokapo, ankabwera kudzawabwereka ngati khasu. Pemphero lawo linkakwanira pa bedi la wodwala ndi pa manda, koma pa guwa silinkakwanira. Lamulungu ankakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo pa nthawi ya mdalitso ndikawayang'ana ndinkaona milomo yawo ikuyendera limodzi ndi ya mbusa wa kutsogolo, popanda mawu. Kolala yawo yoyera ankaisunga m'chitini cha mabisiketi pafupi ndi bedi, ndipo ndinkadziwa kuti amaitulutsa n'kuipukuta ngakhale kunalibe kopita nayo. Chimene ndinkaopa n'chakuti tsiku lina adzasiya kuipukuta.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku mpingo wina wa kumudzi, ku Kasenengwa. Mpingowo unali utakhala nthawi yaitali wopanda mbusa, moti ana oyembekeza ubatizo anali atayamba kuthamanga okha. Amene anaitana anali alembi a mpingowo, bambo wopuma pa ntchito ya ukalaliki, amene anadziwana ndi achimwene kuchipatala pamene akazi awo ankadwala. Alembiwo nkhani ya ukwati ankaidziwa yonse. Chimene ife sitinadziwe n'chakuti anaisunga m'thumba osauza aliyense. Anaganiza kuti anthu ayambe amva ulaliki, mitima ifewe, zinazo adzanena pambuyo pake.

Ine ndinati ndipita nawo. Achimwene anakana, ine ndinaumirira. Ndinali nditatopa kuwaona akubwerako okha ndi kumwetulira kwa munthu wokanidwa, ndipo ndinati ulendo uno wowakana awakanire pamaso panga. Ndinavala diresi langa labuluu la ku misonkhano ndi mpango woyera kumutu.

Tinakwera minibasi m'mawa, kenaka galimoto yotsegula kumbuyo ya mlimi wina, imene alembi anakonza kuti itidikire pa mphambano. Inali nyengo ya fumbi, mvula isanagwe, mango atayamba kupsa. Pofika pa tchalitchi jekete lakuda la achimwene linali litafiira. Titatsika ndinachita chimene ndakhala ndikuchita kuyambira kale: ndinawasasa fumbi pamapewa, ndinawawongolera kolala, n'kuwalanda chikwama cha mabuku kuti manja awo akhale opanda kanthu popereka moni. Amayi a mpingo anali ataima pamzere pansi pa mitengo, atavala yunifolomu yawo, ndipo zonsezi anaziona. Kwa iwo mkazi amene angasase fumbi paphewa la mbusa pagulu ndi mmodzi yekha.

Kwathu mpingo suitana mbusa yekha. Umaitana anthu awiri, ngakhale wolipidwa ndi mmodzi. Mkazi wa mbusa ndiye amatsogolera gulu la amayi, ndiye amaveka yunifolomu olowa kumene, ndiye amalangiza akwati, ndiye amakhala pafupi ndi wamasiye pa maliro. Choncho mbusa akabwera kudzaonedwa, abambo amamulandira ndi moni wa m'manja, ndipo amayi amalandira mkazi wake ndi chitenje chatsopano chimene asonkherana. Amamuveka m'chiuno pamaso pa onse, ndipo kuyambira pamenepo ndi mayi wawo.

Nyimbo inaphulika. Ndisanadziwe chimene chikuchitika ndinali pakati pa amayi ovina, ndipo mayi wina wamtali, wa mapewa a munthu wolima, anali atagwada patsogolo panga akundizunguliza chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Amenewo anali amayi apampando a gulu la amayi. Anamanga mfundo yolimba ngati akumanga mtolo wa nkhuni, kenaka anadzuka n'kundikumbatira.

"Takulandirani, amayi athu! Tinali ana amasiye, lero tapeza mayi."

"Pepani amayi, ine sindine..."

Nthungululu zinameza mawu angawo. Ndinayesanso, koma agogo ena anali atandigwira kale dzanja akundikokera ku khomo la tchalitchi. Achimwene anali kutsogolo pakati pa akulu a mpingo, sanaone kanthu. Amene anaona anali alembi. Anadzipanikiza pakati pa amayi mpaka anafika pakhutu langa, thukuta likuyenderera.

"Amayi, chonde, khalani chabe chete mpaka ulaliki uthe. Ndidzakonza ndine. Mukanena manje, zonse zaonongeka."

Ndinawayang'ana bambowo n'kumvetsa zonse nthawi imodzi. Ndinakwiya, koma ndinakumbukiranso chitini cha mabisiketi chija. Ndinati mumtima, ulaliki sutenga tsiku lonse, ndakhalapo pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi yotalika kuposa pamenepo. Ndinatseka pakamwa panga potchukapo n'kulowa.

Kutsogolo, pambali pa guwa, anali ataika mipando iwiri yamanja, yoyalidwa nsalu zoluka, wina wa abusa, wina wa amayi abusa. Ndinakhala. Achimwene atalowa ndi akulu a mpingo n'kundiona pampandopo ndi chitenje chimene sindinachoke nacho kunyumba, anaima pang'ono. Ndinawatsinzinira diso mwamphamvu, monga ndinkachitira tili ana bambo akafunsa amene wanyambita shuga. Sanandibwezere.

Tinaimba, tinapemphera. Pa zolengeza alembi anangoti talandira alendo athu ochokera ku Chipata, n'kukhala pansi msangamsanga. Kenaka achimwene anakwera pa guwa, anatsegula Malemba, n'kuwatsekanso.

"Abale ndi alongo, ndisanawerenge Mawu pali chinthu choti ndiwongole. Mwaveka chitenje chokongola, ndipo ndikuthokoza. Koma amene mwawavekawo ndi mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Ine mkazi ndilibe. Ndinali naye, anapita kwa mwamuna wina, ndipo ukwati wathu unatha ku khoti. Ndaona kuti ndinene tsopano, kuti pomvera ulaliki mudziwe amene akukulalikirani."

Ine ndinafuna kuvula nsapato n'kuwagenda nayo pa guwa pomwepo. Munthu wadikira zaka, chitseko chatseguka pang'ono, iye mwini n'kuchitseka ndi manja ake! Maso onse a amayi anali pa ine, ndipo chitenjecho chinayamba kundiotcha m'chiuno. Amayi apampando okha sanandiyang'ane, ankayang'ana manja awo. Ulaliki wa tsikulo sindikuukumbukira, ndipo ndikukayika ngati alipo amene anaumva bwino.

Mapemphero atatha, akulu a mpingo anatenga achimwene kupita nawo pansi pa mtengo wa mango. Ine amayi ananditengera ku nyumba ya abusa, popeza chakudya cha alendo chinali kumeneko, ndipo mlendo ngakhale wakukhumudwitsa sumubweza ndi njala. Nyumbayo anali ataipaka laimu mkati ndi kunja. M'khitchini munali mapoto atsopano, mbale, lichero ndi ndowa, zonse zosonkherana, zikudikira mkazi amene kulibe. Pamenepo mkwiyo wanga unatsika pang'ono. Ndinaona kuti si ife tokha amene tinadzuka ndi chiyembekezo tsiku limenelo.

Ndinayamba kumasula mfundo ya chitenje, koma amayi apampando anandiletsa.

"Chisiyeni kaye. Khalani pansi tikufunseni. Alongo anuwo ankawamenya akazi awo?"

"Amayi, achimwene ngakhale nkhuku yoti tidye ndimapha ndine."

Ena anaseka pang'ono, koma iwo sanaseke.

"Anaona ndi maso, kapena anangomva mphekesera?"

Ndinafotokoza zonse, za pa malire, za ankhoswe, za kukhululuka, za katundu womangidwa masana. Ndinalankhula ngati loya, ndipo ndinkaona ngati ndikupambana, chifukwa ndinkayesa kuti chowavuta n'chakuti mwina olakwa anali achimwene. Amayi apampando anandilekerera mpaka mawu anandithera.

"Zonsezo tamva, ndipo sitikutsutsa," anatero. "Koma tayang'anani amayi ali munowa. Awa amuna awo ali ndi nyumba ina ku Chipata. Awa anawabweretsera mwana wa kunja kuti alere. Mwana wanga weniweni, mwamuna wake akagulitsa fodya sabwera kunyumba mpaka m'thumba mutauma, ndipo anafika pomubweretsera matenda. Tikapita kwa abusa kukalira, mukudziwa chimene amatiuza? Amati pirirani amayi, banja ndi kupirira. Amene watopa n'kuchoka timamuvula yunifolomu, ndipo womuvula ndine, ndi manja angawa. Manje lero mbusa zamugwera yekha, wapita ku khoti. Ndiye abwere kuno azidzatiuza ife kuti pirirani?"

Mawu akuti pirirani ndinawamvapo akutuluka m'kamwa mwa achimwene, kale ali ndi mpingo wawo, ndipo nthawi imeneyo ankandimvekera ngati mawu anzeru.

"Musandiyankhe inu," anatero amayiwo akudzuka. "Ndikawafunsa eni ake."

Mayi salowerera bwalo la akulu a mpingo asanaitanidwe, koma iwo anapita, ife tonse tili pambuyo. Pansi pa mango nkhani inali itatentha kale. Alembi anali atazolika ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula. Mkulu wina waimvi, chala chili pa tsamba la Malemba, ankanena kuti munthu amene nyumba yake inamugwera sangasunge nyumba ya Mulungu. Wina ankafunsa kuti mbusa wopanda mkazi akamachezeredwa ndi akazi a eni, mudzi udzanena chiyani. Sanali anthu oipa, ndipo mafunso awo anali enieni. Mafunso ena achimwene ankayankha, ena ankavomera kuti sakudziwa. Atafunsidwa ngati adzakwatirenso anati sakudziwanso, ndipo ine ndinaluma mlomo.

Amayi apampando anagwada chapatali monga mwa ulemu, anapempha malo, n'kubwereza funso lawo lonse pamaso pa abambo, osachotsapo kanthu.

"Amayi," anatero achimwene, "mawu amenewo ndinauza amayi ambiri. Ankandituluka mosavuta ngati moni, ndipo ndinkayesa kuti ndikuwapatsa mankhwala. Tsiku limene abusa anzanga anandiuza ine kuti pirirani, ndinabwerera kunyumba n'kukakhala pa tebulo limodzi ndi mkazi wanga, ndikudziwa kumene wachokera. Chakudya sichinkatsika kukhosi. Ndi pamene ndinadziwa chimene ndinkawasenzetsa amayi aja. Ena ndinawafunafuna n'kukapepesa, ena ndinapeza atamwalira."

"Ndiye mwana wanga akabwera kwa inu, mudzamuuza chiyani?"

"Sindidzayamba ndi kumuuza. Ndidzayamba ndamufunsa ngati wadya, chifukwa ine palibe anandifunsa, kupatula mlongo wangayu. Akadya, anene yekha zonse mpaka amalize. Kenaka woitanidwa ku bwalo akhale mwamunayo. Banja likakhala lotheka kukonzeka tidzalikonza, ndipo ndidzakondwa kwambiri. Koma likakhala kuti likumupha, sindidzamubwezera komweko ndi vesi, ndipo yunifolomu simudzamuvula ine ndilipo."

"Apo ndiye mwatipasulira mabanja onse, abusa," anatero mkulu waimvi uja akutseka Malemba ake.

Amayi apampando anadzuka, anasasa fumbi m'maondo n'kubwerera ku khitchini, ndipo nkhope yawo sinandiuze ngati akhutira kapena ayi. Chakudya tinadya, koma sichinamveke kukoma. Tisananyamuke ndinavula chitenje, ndinachipinda bwino n'kuchisiya pa mpando uja m'tchalitchi. Anatiperekeza mwaulemu, ndipo alembi, maso ali pansi, ananena mawu omwe aja akuti tidzakudziwitsani.

Ndinawasungira mawu achimwene mpaka tinakwera minibasi, pamenepo ndinamasula.

"Achimwene, kodi pakamwa panu pamayabwa? Mukanalalikira kaye, anthu akanakukondani, zinazo zikanabwera pambuyo mwabwinobwino."

"Iwe, ndikanalalikira chiyani bodza litakhala pampando pambali panga?"

"Bodzalo ndine?"

"Koma chitenjecho chinakukhala bwino," anatero akuseka.

Ine sindinaseke mpaka tinafika ku Chipata.

Masabata anadutsa. Mvula yoyamba inagwa, anthu anabzala, uthenga sunabwere. Achimwene anabwerera ku nkhuku zawo ndi njinga yawo, ndipo za Kasenengwa sanazitchulenso. Tsiku lina ndikusesa m'chipinda mwawo ndinaona kuti chitini chija palibe pafupi ndi bedi. Anali atachikweza pamwamba pa kabati, kuseri kwa sutikesi, pamene munthu amaika zinthu zimene sazifunanso. Ndinakhala pa bedi lawo tsache lili m'manja, ndinalira. Ndinalira ndi mkwiyo, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire, kaya alamu, kaya alembi, kaya akulu a mpingo, kaya Mulungu mwini.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa pabwalo ndinamva odi pa geti. Anali amayi apampando aja, atavala za ulendo, kathumba kapulasitiki kali m'manja. Anati nyumba sanavutike kuipeza, anangofunsa kumsika kwa abusa a mazira. Pambuyo pawo panaima mtsikana wowonda, mwana ali kumsana, maso ali pansi.

Titapatsana moni sanadikire kuti ndiwapatse mpando. Anatulutsa chitenje chobiriwira chija m'kathumbamo.

"Munaiwala katundu wanu."

"Sindinaiwale, amayi. Si changa, n'cha amayi abusa."

"Kwathu chitenje tikaveka sitivula. Olakwa tinali ife ndi alembi, nsaluyi ilibe mlandu. Imirirani."

Ndinaimirira, manja ali thovu lokhalokha, ndipo anandimanganso mfundo yawo ya nkhuni ija. Nthawi yomweyo achimwene anatulukira kuseri atanyamula matileyi a mazira. Ataona alendowo anaima. Amayiwo anawerama n'kuwapatsa moni.

"Abusa, abambo adzakuuzani mwa dongosolo lawo, mukudziwa mmene amachedwera. Ine ndabwera kudzagula feteleza, ndiye ndati ndisabwerere osanena. Tinakhala pansi mpingo wonse. Zinavuta, ena sanakondwe, ndipo mudzawapeza sanakondwebe. Koma amayi ndife ambiri, ndipo tsikulo tinakweza manja. Mubwere."

Ndinaona matileyi akupendekeka m'manja mwa achimwene, ndinathamanga kukawalanda mazira asanathere pansi.

"Nanga gulu la amayi adzalitsogolera ndani?" ndinafunsa ine, poti pakamwa panga sipadikira.

"Nanga nthawi yonseyi analitsogolera ndani? Tidzatsogolerana. Mpando wachiwiri uja tauchotsa m'tchalitchi, tauika pakhonde la nyumba ya abusa, poonekera msewu wonse. Mayi wofuna kuonana ndi abusa azikhala pamenepo, mnzake ali pafupi, amiseche asowe chonena. Mapoto aja mudzaphikira nokha, abusa. Mwamuna woweta nkhuku sangalephere kuwiritsa dzira."

Achimwene anaseka, koma maso awo anali atadzaza. Anatsegula pakamwa kuti athokoze, amayiwo anakweza dzanja. Anatembenuka n'kugwira mtsikana uja paphewa, kumukankhira kutsogolo pang'ono.

"Uyu ndi mwana wanga uja ndinanena. Ndati asadikire kuti musamuke. Nkhani yake yakula."

Achimwene anapita pa mpopi, anasamba m'manja, anadzipukuta pa buluku. Kolala inali idakali pamwamba pa kabati. Anali m'malaya a kukhola, nthenga ili paphewa. Anatenga mpando wanga wa pakhonde, anauika pamthunzi, anadikira mpaka mtsikanayo atakhala n'kutsitsa mwana kumsana. Kenaka iwo anakhala pa njerwa patsogolo pake.

"Mwadya, mwana wanga?"

Mtsikanayo anapukusa mutu, misozi n'kuyamba kutsika. Ine matileyi aja anali adakali m'manja mwanga. Ndinalowa nawo m'khitchini, chitenje chili m'chiuno, n'kuika chiwaya pamoto.